M'mera Mpoyamba: M'mene Makampani Atsopano a Luso la Makompyuta Amakulira

Lero tikambirana za mtundu wina wa malonda umene wafala kwambiri m'zaka makumi atatu zapitazi, ndiwo makampani ang'onoang'ono amene amayamba ndi anthu awiri kapena atatu, kompyuta imodzi ndi nzeru yatsopano. Ena a makampani amenewa mumawadziwa bwino, pakuti Google inayamba motero m'caka ca 1998, ndipo Facebook nayo inayambira m'cipinda cogona ophunzira pa yunivesite ya Harvard m'caka ca 2004. Koma pa kampani imodzi imene inachuka, pali zina zambirimbiri zimene zinafa zisanadziwike n'komwe, ndipo zinapita ndi ndalama pamodzi ndi zaka za eni ake. Funso lathu lero ndi ili: kodi n'ciani cimene cimacititsa kuti kampani ina imere mizu ndi kukula, pamene inzake ikufota?

Coyamba tiyeni timvetse kusiyana kwa kampani yotere ndi sitolo wamba. Munthu amene atsegula golosale pa Katete sakayika konse kuti anthu adzafuna mcere, sopo ndi mafuta ophikira. Nkhawa yake imakhala pa mpamba, pa malo abwino ndi pa mitengo ya anzake. Koma munthu wolemba pulogalamu yatsopano ya pa foni akugulitsa cinthu cimene palibe anacipemphapo. Angathe kugwira nchito usana ndi usiku caka cathunthu, cinthuco n'kutuluka cokongola ndi coyenda bwino, koma ocifuna osapezeka. Komabe iye ali ndi mwai umene wa golosale alibe. Sopo akagulidwa watha, ndipo mwini sitolo ayenera kukaoda wina. Pulogalamu ikalembedwa kamodzi ingathe kutumikira anthu khumi kapena anthu miliyoni popanda kuilembanso. Ndico cifukwa cake makampani otere, akagwira, amakula msanga koposa malonda ena.

Mau akuti kugwira tawabwereka kwa alimi. Inu amene munawokapo mbande za fodya kapena za kabici mudziwa kuti masiku oyamba mbande imaoneka yofooka, ndipo mlimi sakhazikika mtima kufikira ataona tsamba latsopano, ndipo pamenepo amati yagwira. Kampani nayo imagwira pamene papezeka anthu, ngakhale ali owerengeka, amene amagwiritsa nchito cinthu cake mobwerezabwereza, amene amalipira osakakamizidwa, ndiponso amauzako anzao. Anthu oyamba amenewa sabwera okha. Eni kampani ayenera kukawafuna mmodzimmodzi, ndipo mbiri ya kampani ya Airbnb ya ku America itionetsa bwino za ici.

M'mwezi wa Okutobala 2007, anyamata awiri, Brian Chesky ndi Joe Gebbia, anali kuvutika kulipira lendi ya nyumba yao mumzinda wa San Francisco. Nthawi yomweyo mumzindamo munali msonkhano waukulu wa akatswiri okonza maonekedwe a zinthu, ndipo mahotela onse anadzaza. Iwo anayala matiresi atatu opopa mpweya m'nyumba mwao, nalengeza pa intaneti kuti mlendo wosowa pogona angathe kugona kwao ndi kulandira cakudya ca m'mawa. Panabwera alendo atatu, ndipo aliyense anali kulipira madola 80 usiku umodzi. Apa m'pamene anaganiza kuti angathe kukonza malo pa intaneti okumanirapo eni nyumba okhala ndi cipinda copanda munthu ndi apaulendo ofuna pogona, iwo n'kumatapako pang'ono pa ndalama zolipidwazo. Kuciyambi kwa 2008 mnzao wodziwa kulemba mapulogalamu, Nathan Blecharczyk, anagwirizana nao.

Musaganize kuti zinthu zinayenda pomwepo. Caka conse ca 2008 cinali ca njala. Anthu ambiri anali kuona kuti kugona m'nyumba ya munthu wosamdziwa, kapena kulandira mlendo wosamdziwa, n'kudziputira tsoka. Anyamatawa anafikira anthu asanu ndi awiri a ndalama, kuwapempha madola 150,000 posinthana ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kampaniyo. Asanu anakana, ndipo awiri sanayankhe n'komwe. Ngongole zitawapanikiza, anapezerapo mwai pa cisankho ca mtsogoleri wa dziko ca caka cimeneco: anakonza makatoni a cakudya ca m'mawa ojambulidwa nkhope za Barack Obama ndi John McCain, nagulitsa katoni imodzi madola 40, ndipo anapeza madola pafupifupi 30,000. Ndalama zimenezi zinacedwetsa imfa ya kampaniyo, koma alendo ofuna zipinda sanaculuke ai.

M'mwezi wa Januwale 2009 analandiridwa ndi bungwe la Y Combinator, limene kuyambira 2005 lakhala likupatsa makampani oyamba kumene ndalama pang'ono ndi uphungu wa miyezi itatu. Analandira madola 20,000. Pa nthawiyo kampani yonse inali kupeza madola ngati 200 pa mlungu. Mmodzi wa oyambitsa bungwelo, Paul Graham, anawafunsa kumene kunali anthu ambiri ogwiritsa nchito Airbnb, ndipo atamva kuti ndi ku New York, anawalangiza kuti aleke kukhala pa kompyuta ku California, apite komweko akaonane nao. Akuluakulu athu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo anyamatawa atafika okha ku New York anaona cimene ziwerengero za pa kompyuta sizikanawauza. Nyumba zambiri zinali zabwino ndithu, koma zithunzi zimene eni ake anaika pa intaneti zinali zamdima ndi zosaoneka bwino, kotero kuti wapaulendo sakanakhulupira kuti m'menemo mungagonedwe.

Tsono anabwereka kamera yabwino, nayamba kugogoda khomo ndi khomo, kujambula zipinda mwaulere, kuthandiza eni nyumba kulemba bwino za malo ao ndi kuika mitengo yoyenera, ndi kumvetsera madandaulo ao. Posakhalitsa ndalama za pa mlungu zinawirikiza kawiri, kufika madola ngati 400. Ndalamazo zinali zocepabe, koma linali tsamba latsopano pa mbande ija. M'mwezi wa Epulo caka comweco kampani ya Sequoia Capital ndi anzake anaikamo madola pafupifupi 600,000, ndipo pofika Febuluwale 2011 alendo anali atalipira usiku wokwana miliyoni imodzi kupyolera mu Airbnb. Pamene magawo ake anayamba kugulitsidwa kwa anthu onse mu Disembala 2020, mtengo wa kampaniyo unaposa madola mabiliyoni 80.

Taonani bwino cimene cinasintha zinthu. Nchito yogogoda pakhomo ndi kamera siingacitike kwa anthu miliyoni, ndipo eni kampani anadziwa zimenezo. Koma pa ciyambi safunika anthu miliyoni. Afunika makumi angapo okhutira kwenikweni, pakuti wokhutira amabweranso ndipo amabweretsa mnzake, pamene wongoyesako amaiwala tsiku lomwelo. Ndiponso mwini kampani amene wakhala m'nyumba ya wogula wake, namva ndi makutu ake cimene cikumvuta, amadziwa coyenera kukonza. Wokhala kutali amangoganizira, ndipo kawirikawiri amataya miyezi akukonza zinthu zimene palibe akuzifuna.

Nanga eni kampani angadziwe bwanji kuti yagwiradi? Pano pafunika masamu pang'ono, ndipo ndikupemphani kuti mutenge pensulo. Tiyerekeze kuti kampani ili ndi ogula 100, ndipo mlungu uliwonse akuonjezeka ndi khumi pa zana lililonse. Mlungu woyamba ukatha adzakhala 110, waciwiri 121, ndipo milungu isanu ndi itatu ikatha adzakhala atapitirira 200. Kukula kotere kukapitirira caka cathunthu, ndiye kuti milungu 52, ogulawo adzaposa 14,000. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Conco munthu wanzeru safunsa kuti kampani ili ndi anthu angati lero, koma amafunsa kuti ikuonjezeka motani mlungu ndi mlungu.

Koma pali ciwerengero cina cofunika koposa ici, ndico ca anthu obweranso. Tiyerekezenso kuti anthu 1,000 aika pulogalamu pa mafoni ao cifukwa anaimva pa wailesi, koma mwezi utatha otsala akuigwiritsa nchito ndi makumi awiri cabe. Mwini wake angathe kunyadira cikwi cija pamaso pa anzake, koma zoona zake n'zakuti akutunga madzi ndi cidebe cobooka, ndipo akaonjeza ndalama zolengezera malonda angoonjeza madzi otayika. Coyenera kucita ndi kufunafuna amene anacoka ndi kuwafunsa cifukwa cake, ndi kufunsanso makumi awiri otsalawo cimene cawasunga. Kawirikawiri mayankho ao ndiwo amaonetsa njira imene kampani iyenera kutsata.

Cidebe cikamatidwa, funso lotsatira ndi la m'mene mbiri ingafalire popanda kuononga ndalama zambiri. Makampani amene anakula msanga anapeza njira yoti wogula aliyense aziitana mnzake pongogwiritsa nchito cinthuco. Hotmail, imene Sabeer Bhatia ndi Jack Smith anaitsegula mu Julayi 1996 kuti anthu azitumizirana makalata pa intaneti mwaulere, inali kuika mzere umodzi kumunsi kwa kalata iliyonse woitana wolandira kalatayo kuti nayenso alembetse. Motero kalata iliyonse inasanduka mthenga wa kampaniyo, ndipo anthu mamiliyoni analembetsa m'miyezi yowerengeka, kufikira Microsoft inaigula mu Disembala 1997 pa mtengo wa madola pafupifupi mamiliyoni 400.

Citsanzo cina ndi Dropbox, imene Drew Houston ndi Arash Ferdowsi anaiyamba m'caka ca 2007 kuti munthu azisunga zolemba ndi zithunzi zake pa intaneti ndi kuzipeza pa kompyuta iliyonse. Cinthuco cisanatsegulidwe kwa onse, Houston anaonetsa kanema wamfupi wa m'mene cimagwirira nchito, ndipo anthu olembetsa kuti aciyese anacoka pa 5,000 kufika pa 75,000 usiku umodzi. Umenewu unali umboni wakuti ocifuna alipo. Pambuyo pake anayesa kulipira zolengeza malonda pa Google, koma anapeza kuti kukopa wogula mmodzi kunali kudya madola oposa 200, pamene wogulayo anali kulipira madola 99 pa caka. Malonda otere sangapitirire, pakuti wogula aliyense watsopano amakulitsa dzenje. Tsono anasintha: munthu akaitana mnzake, onse awiri anali kupatsidwa malo oonjezera osungiramo zinthu mwaulere. Ogwiritsa nchito Dropbox anacoka pa 100,000 mu Seputembala 2008 kufika pa mamiliyoni 4 mu Januwale 2010. Kumbukirani kuti njira imeneyi inatheka cifukwa cinthuco cinali cothandizadi. Palibe munthu amene amaitanira mbale wake ku cinthu cimene iye mwini cinamkhumudwitsa.

Tsopano tifike pa nkhani ya ndalama, pakuti acinyamata ambiri amaganiza kuti cimene cimasowa ndi mpamba basi. Oikamo ndalama m'makampani otere sabwereketsa monga banki, koma amagula gawo la kampaniyo. Munthu akapereka K100,000 nalandira gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye kuti onse avomerezana kuti kampani yonse ndi ya K1,000,000. Kampani ikafa ndalama zake zapita, ikakula gawo lake limakula nayo. Ndalama zimenezi zimabwera pang'onopang'ono: zoyamba n'zoyesera ngati cinthuco cili ndi ocifuna, ndipo zokulirapo zimabwera umboni utaoneka. Dongosolo limeneli likatembenuzidwa, ndalama zambiri n'kubwera umboni usanaoneke, zotsatira zake zimakhala zowawa.

Ndi zimene zinacitikira kampani ya Webvan, imene Louis Borders anaiyamba m'caka ca 1996. Colinga cake cinali cakuti munthu aziitanitsa zakudya za m'sitolo pa intaneti, galimoto n'kumfikitsira pakhomo. Inayamba kugulitsa m'dera la San Francisco mu Juni 1999, ndipo isanaone ngati malondawo angabweze ndalama mumzinda umodzi wokhawo, inapangana ndi kampani yomanga ya Bechtel za nchito ya madola biliyoni imodzi yomanga nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu m'mizinda 26. Mu Novembala 1999 inagulitsa magawo ake kwa anthu, nipeza madola mamiliyoni 375. Koma ogula sanaculuke monga anayembekezera, nyumba ndi magalimoto zinali kudya ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo mu Julayi 2001 kampaniyo inagwa, anthu pafupifupi 2,000 nataya nchito. Nzeru yofikitsa zakudya pakhomo siinali yoipa, pakuti makampani ena anadzaicita bwino pambuyo pake. Colakwa cinali kufuna kumanga nkhokwe makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi munda umodzi usanabereke. Kuthamanga si kufika.

Mwina wina anganene kuti zonsezi n'za ku America. Koma kuno kwathu kunabadwanso kampani yotere. M'caka ca 2009 abale awiri, Brad ndi Brett Magrath, anayamba kampani yochedwa Mobile Transactions, imene pambuyo pake inadziwika ndi dzina la Cinyanja lakuti Zoona. Poyamba inali kuthandiza makampani ndi mabungwe kulipira alimi ndi kugawa makuponi a zipangizo za ulimi kupyolera pa foni, koma inadzagwira kwenikweni pa nchito yotumiza ndalama. Munthu wogwira nchito ku Lusaka kapena ku Migodi wofuna kutumizira amai ake ndalama ku Lundazi anali kudalira positi, woyendetsa basi kapena wacibale wopita kumudzi, pakuti anthu ambiri analibe buku ku banki. Zoona inamanga tinyumba tobiriwira pa misika ndi pokwerera mabasi. Wotumiza anali kupereka ndalama ndi citupa cake, nasankha nambala yacinsinsi, ndipo wolandira anali kukatenga ndalamazo pa kanyumba kena atangoonetsa citupa ndi kuchula manambalawo.

Onani kuti luso la kompyuta linali kuseri, koma cimene anthu anali kuona ndi munthu wokhala m'kanyumbamo, kawirikawiri mtsikana kapena mnyamata wa m'dera lomwelo. Munthu sapereka ndalama zake za mwezi kwa makina amene sawadziwa. Amapereka kwa munthu amene angamupeze pamalo pomwepo mawa lake. Ndipo wolandira ndalama kumudzi, ataona kuti zafikadi, nayenso anali kusanduka wotumiza. Umboni utaoneka, ndalama zinatsatira: madola mamiliyoni 4 m'caka ca 2012 kucokera kwa Omidyar Network, Accion ndi anzao, ndi madola mamiliyoni 15 m'caka ca 2016 motsogozedwa ndi International Finance Corporation. M'caka ca 2014 Zoona inafika ku Malawi.

Koma mbiri ya Zoona ili ndi phunziro linanso. Kampani yaing'ono ikaonetsa kuti malonda ena ali ndi phindu, zikuluzikulu zimadzuka. M'zaka zotsatira MTN ndi Airtel, amene anali kale ndi anthu mamiliyoni pa mafoni ao, analimbikitsa nchito yao yosunga ndi kutumiza ndalama pa foni, nadzaza misewu ndi tinyumba tao, ndipo anthu ambiri anayamba kutumizirana ndalama ali khale kunyumba. Malonda a Zoona anacepa, ndipo m'caka ca 2022 kampani ya Chipper Cash inalengeza kuti iigula. Conco kugwira sikutanthauza kuti nchito yatha. Mwini kampani ayenera kupitiriza kufunsa cimene ogula ake adzafuna mawa, monga anacitira tsiku loyamba.

Inu ana a sukulu amene mukuphunzira makompyuta, ena a inu mudzafuna kuyamba makampani anuanu, ndipo malo othandiza acinyamata otere alipo, monga BongoHive imene inatsegulidwa ku Lusaka m'caka ca 2011. Musanagulitse ng'ombe ya atate anu kapena kusiya nchito, pezani coyamba anthu khumi amene ali ndi vuto limene mufuna kuthetsa. Khalani nao, onani m'mene akulithetsera lero, ndipo apatseni cinthu canu ngakhale cisanakongole. Akabweranso okha mlungu wotsatira, nalola kulipira, muli ndi poyambira. Akapanda kubwera, mwaphunzira zimenezo mwa mtengo wocepa, ndipo mungathe kusintha nthawi ikalipo. M'mera mpoyamba.

Aphunzitsi, tikupemphani kuti mukambirane ndi ana anu mafunso atatu awa. Loyamba: n'cifukwa ninji eni Airbnb anafunika kupita okha ku New York m'malo motuma munthu wina? Laciwiri: kampani ina ili ndi ogula 5,000 amene sakuonjezeka, ndipo ina ili ndi ogula 200 amene akuonjezeka ndi khumi pa zana mlungu uliwonse, kodi caka cikatha idzakhala patsogolo ndi iti? Lacitatu: chulani vuto limodzi la m'mudzi kapena m'komboni mwanu limene foni ingathandize kuthetsa, ndipo nenani anthu khumi oyamba amene mungawafikire, ndi kumene mungawapeze.